Fodya wa Abiti Saidi ndi Mbale Zanga

Munthu amene anandilakwira ndi a Matekenya, bwana wanga woyamba, yemwe anandiphunzitsa kuyeza chamba. Njira yolakwika yotsukira mbale zoyezera anaiyambitsa okha. Njirayo itamangitsa mayi wosalakwa wa ku Chowe, iwo anatembenuka n'kuloza ine pamaso pa akuluakulu a boma, amvekere ndine mnyamata waulesi wosatsuka mbale. Ntchito inandithera pomwepo, dzina langa linaipa gombe lonse. Ndayambira pamenepo dala, kuti pasakhale wondifunsa chifukwa chake ndikulemba mtima uli m'mwamba.

Ine ndine Amidu, kwathu ndi ku Chembe. Sukulu ndinalekezera folomu yoyamba. Mphunzitsi wina anandikwapula ati ndikununkhitsa usipa m'kalasi, ine n'kumulanda ndodoyo, n'kuithyola pabondo anzanga onse akuona. Sindinadikire kuti andithamangitse. Amayi atatopa nane ananditumiza kuboma kwa mjomba wanga, Che Bwanali, amene anali mlonda pa maofesi ena a boma. Ndinkasenza madengu a nsomba pamsika, ndipo kawirikawiri ndinkabwera kunyumba malaya atang'ambika, osati ndi dengu ayi, koma ndi ndewu.

Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anthu ankalowa pa Chiponde ngati linthumbu, zipata za apolisi zinali paliponse, ndipo chamba chinkagwidwa chochuluka. Kale zonse zinkapita kumzinda kukayezedwa, mwini mlandu n'kumawola m'chitokosi kudikira yankho. Ndiye boma linatsegula kachipinda koyezera kuseri kwa maofesi amene mjomba ankalondera, n'kutumizako a Matekenya. Anali a ku Dowa, mkulu wa mpingo, wa tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ankafuna mnyamata wowathandiza, mjomba n'kundikokera kumeneko.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala zakumiyendo.

"Khadi la chipani uli nalo?"

"Ndili nalo, bwana."

"Umasuta?"

"Ayi, bwana."

"Ndiwe uja unathyola ndodo ya aphunzitsi?"

Ndinayang'ana mjomba. Mjomba anayang'ana kudenga.

"Tamvera," anatero a Matekenya. "Muno zonse ndi zagalasi. Ukapsa mtima uzituluka panja, ukamenye mtengo wa mango uwo. Ndi wa boma, koma sudandaula."

Kenako anandipatsa botolo lalikulu la madzi ndi kachubu kowonda ngati bango, ati ndithire mpaka pa mzere. Ndinathira, osataya ngakhale dontho. Anangoti, "Dzanja lili bwino. Mutu tiuona." Mawa lake anandipatsa khoti loyera lofika m'mawondo. Nditapita nalo ku Chembe, amayi analichapa ngakhale linali lochapa kale, n'kuliyanika kutsogolo kwa nyumba kuti odutsa alione.

Ndisaname, ntchito ija ndinaikonda, ndipo a Matekenya ankaidziwa. Kwa amene simunaionepo, inkayenda chonchi.

Apolisi akabwera ndi thumba, poyamba tinkalikweza pa sikelo, mwini wake ali pomwepo akuona. Kenako kutapa. Anthu sankanyamula chamba poyera. Ena ankachikulunga m'makungwa a nthochi n'kuchikwirira pansi pa usipa, ena m'kati mwa chigwada chouma, wina anachisokera mu pilo wa usufu. Ndiye sutapa pamwamba pokha. Umatapa pamwamba, n'kulowetsa mkono mpaka pakati, n'kulowetsanso mpaka phewa kuti ufike pansi. "Ukatapa pamwamba pokha," ankatero a Matekenya, "ukuyeza bodza la mwini thumba." Zotapazo tinkazisakaniza pa pepala la khaki latsopano n'kuzigawa patatu: zoyeza, zosunga m'kabati, ndi zopita ndi mlandu kukhoti. Zinkalowa m'maenvulopu a pepala, osati m'pulasitiki, chifukwa kutentha kwa Mangochi kumachititsa nkhungu. Kenako chingwe, kandulo, phula lofiira, chidindo. Phula likakudonthera pachala umavina, koma envulopu suitaya.

Zoyezazo zinkafuna mboni ziwiri, diso ndi mtundu. Diso ndi maikolosikopu. Ukaika kachidutswa ka tsamba pa kagalasi n'kusuzumira, tsamba la chamba limaonetsa tiubweya topindika ngati mbedza zowedzera utaka, ndipo ukadonthezera asidi, patsinde pa tiubweyato pamatuluka tithovu. Tsiku loyamba kuona zimenezo ndinakuwa mpaka mjomba anathamangira pakhomo ndi chibonga.

Mtundu ndiye unali ndi ntchito. Masamba tinkawapera mu kamtondo koyera, n'kuwaviika m'mankhwala ena onunkha ngati petulo, amene tinkangowatchula kuti ita. Ita amasungunula utomoni wa chamba, umene uli ndi mphamvu yozunguza mutu ija. Tinkasefa pa fanelo ndi pepala losefera, n'kuthira pang'ono m'kambale koyera, n'kukasiya pawindo. Ita amauluka msanga, utomoni n'kutsalira m'mbale, wosaoneka ndi maso. Pamenepo umadonthezera mankhwala onunkhira ngati vanila wa m'makeke, kenako asidi wamphamvu. Ngati ndi chamba, mbale imasanduka ngati jiivi uja amapaka pazilonda kuchipatala. Pomaliza umakhuthulira m'chubu n'kuthira kololofomu, ndipo mtunduwo uyenera kutsikira pansi. Ukatsika, munthu wapita.

Panali lamulo lina limene a Matekenya ankalitcha kufunsa mbale. M'mawa uliwonse, tisanagwire chilichonse, tinkatenga mbale imodzi yotsukidwa, yopanda kanthu, n'kudonthezera mankhwala onse aja. Ikapanda kusintha mtundu ankati, "Mbale yakhala chete, tiyambe." Kutsukako inali ntchito yanga: sopo, burashi, madzi ambiri, ndipo pomaliza kutsukuluza ndi ita watsopano, chifukwa utomoni wa chamba ndi wamakani, sopo yekha saumaliza.

Anthu awiri m'kachipinda kamodzi amazolowerana. Ankandigawira chigumu chimene amayi a kunyumba kwawo ankawapangira, ndipo mwezi wa Ramadani ankakadyera panja kuti ndisawaone. Ankanditchula kuti mwana wanga. Ankati akandilembera kwa akuluakulu kuti ndipite kukosi ndikakhale wothandizira wa m'labotale weniweni, wa satifiketi. Mtengo wa mango uja ndinaumenya kangapo, inde, koma galasi sindinaswepo.

Kenako katundu anasiya kubwera. Njira za kunyanja yamchere zinali zitatsekeka ndi nkhondo, petulo weniweni ankasowa, nanji ita wathu. A Matekenya ankalemba, kumzinda ankayankha kuti tisamale chuma cha boma. Matumba okha ndiwo sanasiye kubwera. Tsiku lina anaima n'kuyang'ana ita wotsala m'kapu titaviikamo masamba, amene tinkamutaya m'dzenje kuseri.

"Uyu tikutayayu ndi wambiri kuposa amene tikugwiritsa ntchito," anatero. "Kuyambira lero uzimusefa pa mapepala awiri, uzimuthira m'botolo ili. Wotsukuluzira mbale akhale ameneyu. Watsopano akhale woviikira basi."

Linali botolo lofiirira, lopanda cholembapo, ndipo linkakhala pansi pa sinki. Ita wosefayo ankatuluka mbee, ngati madzi a pampopi. Ine ndinaona kuti ndi nzeru. Mankhwala a vanila atayambanso kuchepa, kufunsa mbale kunasanduka kwa Lolemba lokha, kenako kwa apo ndi apo, kenako kunangozilala. Palibe anadabwa kanthu, chifukwa zonse zimene apolisi ankabweretsa zinali chamba ndithu. Mbale ikasanduka jiivi inkanena zimene mphuno zathu zinali zitanena kale.

Apolisi anabwera ndi Abiti Saidi m'nyengo ya mvula. Anali mayi wa ku Chowe, wamkulu ndithu koma wolimba, wogulitsa fodya wa m'mphuno m'misika ya kumalire. Achinyamata a chipani anawaimitsa pamsewu wa ku Chiponde, anawapeza alibe khadi, ndiye n'kuwakhuthulira katundu yense. M'kathumba ka ufa munali zosinjasinja zobiriwira moderako. Anawapereka kwa apolisi. Chichewa sankachitha bwino, ndiye ine ndinakhala womasulira. Ankangoloza kathumbako n'kumati "sona, sona", ndiye kuti fodya m'Chiyao.

Atamva kuti ndikuyankhula chakwathu nkhope yawo inamasuka.

"Iwe ndiwe wa kuti?"

"Ku Chembe, amayi."

"Ndiye akuvekera chiyani mkanjo wopanda chisoti? Ndiwe shehe wa mabotolo?"

Wapolisi anandifunsa zimene anena. Ndinati akupereka moni.

"Uwauze abwana akowo," anapitiriza, "asavutike ndi magalasi. Tapa, ununkhize, uyetsemule, ine ndizipita. Mbuzi zanga zili pachingwe kuyambira dzulo."

Potapa kathumbako fumbi linandilowa m'mphuno, ndipo ndinayetsemula mpaka misozi. Mayiwo anawomba m'manja, wapolisi naye anaseka. Ndinauza a Matekenya kuti zikumveka fodya. Iwo anati, "Mphuno si mboni. Amasakaniza, anthu awa." Pa maikolosikopu sipanaoneke tiubweya ta mbedza, koma zinali zosinjidwa kwambiri, zosakaniza ndi phulusa monga achitira fodya wa m'mphuno. A Matekenya anati kusinjako n'kumene kwaphwanya tiubweyato, tione mtundu.

Ndinatenga mbale pa shelefu, yotsuka ndekha. Ndinaviika, ndinasefa, ndinadikira pawindo. A Matekenya anadonthezera vanila, kenako asidi. Mbale inasanduka jiivi. Osati wothithikana ngati wa masiku onse, koma jiivi ndithu, ndipo m'chubu anatsikira pansi.

Mayiwo anali akusekabe. Anandifunsa kuti kodi utotowo akugulitsa, akufuna wonyikira nsalu. Ndinawauza kuti utotowo ukunena kuti m'fodya wawo muli chamba.

"Wallahi, mwanangu, chamba sindinachigwirepo."

"Botolo silinama, amayi."

"Ndiye wonama ndine?"

Ndinatenthetsa phula, ndinamata maenvulopu. Mtima wanga unali mbee, chifukwa zimene ndinanenazo ndinkazikhulupirira ngati dzina langa. Kukhoti a Matekenya anaikira umboni, ndipo mayiwo anawapatsa zaka. Ndinamva kuti potuluka anafunsa wapolisi ngati angatume munthu akamasule mbuzi.

Abiti Saidi anali ndi mwana wamwamuna msilikali, dzina lake Imedi. Ameneyo sanakhale pansi. Anadandaula kwa akuluakulu ake, nkhani inakwera, ndipo patapita miyezi kunabwera lamulo loti envulopu yosunga ija ipite ku labotale yaikulu. Ndinaitulutsa m'kabati ndi manja anga, phula lili bwinobwino. Yankho litabwera, a Matekenya analiwerenga ataimirira, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la jekete. Chigumu sanadye tsiku limenelo. Anangoti Lachinayi kubwera alendo, ndikolope bwino.

Lachinayilo ndinalawirira. Nditawerama kuti ndikolope pansi pa sinki, botolo lofiirira panalibe. Panangotsala chizindikiro chozungulira pa simenti.

"Bwana, botolo lotsukuluzira lija lili kuti?"

"Usandivute ndi mabotolo lero," anatero akukonza tayi. "Ndipo tamvera, mwana wanga. Anthu akubwerawa si amasewera. Usayankhule pokhapokha akufunse. Zina zonse ndikuyankhulira ine."

Anabwera pa Landirova: mkulu wina wa ku labotale yaikulu, woonda, wa magalasi, ndi wapolisi wa nyenyezi pamapewa. Mkuluyo anabwera ndi kabokosi ka mankhwala akeake. Sanafune tiyi. Ananena mwachidule kuti m'envulopu ija apezamo fodya ndi phulusa, chamba mulibe ngakhale fungo. Kenako anandiyang'ana.

"Mnyamata, ndipatse mbale yoyera."

Ndinasankha yowala kuposa zonse. Ndikunena zoona, ndinaipereka monyadira. Sanaikemo tsamba kapena chilichonse. Anadonthezera vanila wake, kenako asidi. Tonse tinaweramira pa tebulo. Mbale yopanda kanthu ija inayamba kuda m'mphepete, pang'onopang'ono, mpaka inasanduka jiivi.

"Ina."

Ndinapereka ina. Jiivi.

"Ina."

Anayala mbale zonse za pa shelefu, ndipo zonse zinayankha chimodzimodzi. Ndinakumbukira mayi aja akuwomba m'manja.

Mkuluyo anayamba kuyankhula Chingerezi chothamanga ndi a Matekenya. Changa cha folomu yoyamba chinangotola mawu oti boyi, kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse wapolisi uja ankandiyang'ana. Kenako mkuluyo anatembenukira kwa ine m'Chichewa.

"Mbalezi amatsuka ndani?"

"Ine, bwana."

"Umatsuka bwanji?"

"Sopo, burashi, madzi. Pomaliza ndimatsukuluza ndi ita wa m'botolo lofiirira, amene timasefa titaviikamo masamba."

Anavula magalasi. "Ita woviikamo kale? Anakuuza zimenezo ndani? Botololo lili kuti?"

Ndinayang'ana a Matekenya. Ndinkadikira kuti andiyankhulire monga analonjezera. Iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati mbusa amene nkhosa yamukhumudwitsa, ndipo anayankha m'Chichewa kuti nanenso ndimve.

"Ndi zimene ndimakuuzani zija, bwana. Botolo lotero ine sindikulidziwa, fufuzani chipinda chonse. Mnyamatayu sukulu anathawa, ndinangomutola chifukwa cha chifundo. Ndakhala ndikumulangiza kuti azitsuka bwino, koma ukamudzudzula amafuna ndewu. Funsani aliyense pamsika."

Akanakhala munthu wina akanafotokoza modekha, akanatchula tsiku limene a Matekenya anayambitsa njirayo, akanati tiyeni tikafukule kudzenje. Ine m'maso munada. Mbale imodzi inali m'dzanja langa. Mtengo wa mango unali kutali. Ndinaiponya kukhoma ndi mphamvu zanga zonse.

Pakhoma limenelo panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga zinalili mu ofesi iliyonse. Mbale inaswekera m'munsi mwake pang'ono, jiivi n'kuthovukira pa galasi, chithunzicho n'kupendekeka. Inu amene munakhalako masiku amenewo mukudziwa tanthauzo lake. Za ita zinathera pomwepo. Wapolisi uja anandipotokola mkono, khoti loyera anandivula pakhomo, ndipo mjomba anaona ndikukwezedwa m'Landirova.

Za m'chitokosi sindilemba zambiri. Ankandifunsa kuti wandituma ndani kugenda chithunzi, ndipo sankafunsa ndi pakamwa pokha. M'menemo ndi mmene ndinamvetsa zimene zinachitika, chifukwa nthawi yoganiza inalipo. Mchere ukasungunuka m'madzi, sefa ngakhale kakhumi, madziwo akhalabe amchere. Pepala linkagwira masamba, koma utomoni unkadutsa limodzi ndi ita. Ndiye mbale iliyonse ndinkaitsuka bwinobwino ndi sopo, kenako pomaliza n'kuipaka chamba ndi manja anga, n'kuiyanika pa shelefu. Tikanapitiriza kufunsa mbale, ikanatiuza m'mawa woyamba. A Matekenya anazindikira zimenezi tsiku lija anapinda yankho n'kuika m'jekete. N'chifukwa chake botolo linasowa.

Ananditulutsa patapita masabata. Mjomba anayenda maofesi onse atavula chisoti, ndipo a Matekenya anakauza apolisi kuti sindinalinge chithunzi, ndinangopenga ndi ukali. Zimenezo anachitadi, sindibisa. Koma mawu oti mbale sindinkatsuka sanawabweze.

Abiti Saidi anawamasula. Anatuluka ndi chifuwa chimene analowa alibe, ndipo sanaone mvula ina. Nkhani inayenda ndi maboti ndi njinga, kuchokera ku Chowe mpaka kwathu ku Chembe, ndipo inkayenda mwachidule: Amidu mwana wa uje, atavala khoti la azungu, anamangitsa mayi wa mtundu wake ndi mbale zakuda. Dzina la a Matekenya munalibemo. Iwo anali mlendo, ankayankhula Chingerezi. Amene anayankhula ndi mayiwo m'chinenero chawo ndine.

Pamsika anandipatsa dzina loti Che Mbale. "Che Mbale, tatiyezereni usipawu, mwina ndi chamba!" Ndinamenya awiri, dzinalo linangokula. Kumzikiti Lachisanu, munthu woima pambali panga ankasiya mpata woti mbuzi n'kudutsa. Amayi anasiya kupita kumadzi nthawi imene anzawo amapita. Tsiku lina padepoti munthu wa yunifolomu ya usilikali anaima patsogolo panga.

"Ndiwe unati botolo silinama?"

Anali Imedi. Ndinayamba kufotokoza za ita, za botolo lofiirira, za pepala losefera. Anandimvera pang'ono, kenako anati, "Botololo lili kuti?" Sanandimenye. Analavula pansi pakati pa mapazi anga n'kukwera basi. Bola akanandimenya, ndikanadziwa chochita.

Ku maliro a Abiti Saidi sindinapite. Ndinafika pa mphambano yolowera ku Chowe, ndinaima, ndinabwerera.

Tsopano ndimanyamula katundu ndi anthu pa njinga ku Chiponde, kumene ondidziwa ndi ochepa. Ntchito ija ndimailotabe. Nthawi zina ndikamva fungo la petulo padzuwa manja anga amafuna fanelo. Ndikanakhala ndi satifiketi pano, kapena ndikanakhala kumzinda. Chimene ndinatsala nacho ndi chimodzi: chida chimene chimangovomera nthawi zonse, uzichiopa. Uzichifunsa chili chopanda kanthu, ngakhale mankhwala atsale a dontho limodzi, chifukwa dontho limenelo ndi la munthu amene sanalakwe. Ngati pali mnyamata amene akuwerenga izi ali ndi burashi m'manja, amve zimenezo. Ndipo bwana akakuuza kuti akuyankhulira, udziwe kuti ali ndi mawu ake kale.

A Matekenya ndinakumana nawo chaka chathachi. Anabwera ku Chiponde ndi galimoto ya boma kudzatenga matumba ogwidwa pachipata. Anali atanenepa, tayi ili pomwepo. Ndinali nditatsamira njinga pansi pa mtengo ndi anzanga, ndipo ndinawaona asanandione. Ndikanatha kuzemba. Anandizindikira, anaima pang'ono, kenako anabwera atatambasula dzanja ngati tinasiyana dzulo.

"Amidu! Mwana wanga, wadatu. Dzuwa la kuno si lamasewera."

Dzanjalo sindinalilandire. Analibweza m'thumba.

"Ukadali waukali? Tamvera. Andisamutsira kumzinda, andikweza. Kumeneko kukufunika munthu wa dzanja ngati lako. Ndikhoza kukuyankhulira. Zakale ndi zakale, tonse tinali pa mpanipani nthawi imene ija. Ndinali ndi ana asanu pasukulu, ukanakhala iwe ukanatani? Ndipo paja usaiwale, pa nkhani ya chithunzi ija ndikanakhala chete, bwenzi pano amayi ako asakudziwa kumene uli."

Anzanga anali atasiya bawo. Ukali uja unabweranso. Ndinagwira chiwongolero cha njinga ndi manja onse awiri kuti asachite zawo, ndipo ndinawayang'ana m'maso.

"A Matekenya, mbale zija ndinkatsuka bwino, ndipo inu mukudziwa. Ntchito yanuyo mupatse wina. Ku Chowe si kutali, khalani pa keriyala apa ndikutengeni ulere, mukawauze ana a Abiti Saidi ndi pakamwa panu amene anamangitsa amayi awo. Ngati simungathe, kwerani galimoto yanu. Koma musadzandipatsenso moni, ngakhale tidzakumane pa maliro."